Undisunge Wamoyo Masekondi 45

Bwacha, Kabwe
Lachinayi masana

Nelia mwana wanga,

Wapita m'tauni kukatsanzikana ndi anzako a kuntchito, ndipo wati ubwera 16 koloko. Ndimakudziwa, ubwera 17 koloko. Ndiye kuti ndili ndi maola atatu olembera kalata iyi. Ndikamaliza ndiyika m'chikwama cha kompyuta yako, pansi pa chingwe cha magetsi, chifukwa ndi malo okhawo amene udzatsegule tsiku lomwe udzafike kutsidya kwa nyanja. Za kupemphera, za kudya bwino ndi za anyamata, azakhali ako anakuuza kale Lamlungu kwa maola awiri ndi mphindi khumi, ndipo ndilibe chowonjezera. Ine ndikulembera za gemu yathu.

Ndiyambe ndi ichi: ndikudziwa. Ndikudziwa kuti inu anayi, iwe, Mulenga, Mutinta ndi msuweni wako Dalitso, mwagwirizana kuti kuyambira Loweruka la sabata yamawa iwe ukhale wochiritsa wa gulu m'malo mwanga, ine ndipume. Palibe anandiululira poyamba. M'bokosi la gulu, m'gemumo, muli masamba obwezera mphamvu, amene amadya wochiritsa yekha. Lamlungu lina analimo 214. Lachinayi lake analimo 178, ine ndisanadyepo ndi limodzi lomwe. Masamba 36 sasowa okha. Ndinadziwa kuti pali wina amene akuphunzira ntchito yanga mobisa. Titatuluka m'Misa ndinamuimitsa Mutinta pageti la tchalitchi asanakwere minibasi ya ku Makululu, ndipo mwana uja sadziwa kunama.

"Ba Ticha, ise tifuna chabe kuti mupumuleko," anatero akuyang'ana nsapato zake. "Ba Mulenga anakamba ati manja yanu yayamba kuchedwa. Manje Nelia kwamene ayenda, malaiti siyazima."

Ndinamufunsa kuti ndani anamuuza kuti ndatopa. Kenaka ndinamugulira chimanga chowotcha kuti asalire.

Sindikukwiyira chifukwa chofuna malo anga. Atenge. Chimene chandiwawa n'chakuti unakhala nane pa tebulo limodzi masabata atatu, ukudya ndiwo zanga, osanena kanthu, poganiza kuti udzandiuza pafoni ukafika kutali. Ndinaphunzitsa masamu zaka 34, Nelia. Ndaona ana ambiri obisa pepala kumbuyo.

Ndipo sindipuma. Zimenezo tibwererako kumapeto. Choyamba, popeza ukhala wochiritsa, ukhale wochiritsa weniweni, osati wongotsanzira zimene alemba anthu a pa intaneti.

Ukukumbukira mmene ndinayambira. Atamwalira atate ako ndinkakhala pakhonde kuwerenga maminibasi odutsa mumsewu. Tsiku lina ndinakuuza kuti adutsa 61, iwe n'kunena kuti, "Amama, ngati mufuna kuwerenga, bwerani muwerenge zothandiza." Unandikhazika pa kompyuta yakale ya mchimwene wako n'kundifotokozera: anthu asanu amalowa m'phanga kukamenyana ndi chilombo, mmodzi amaima kutsogolo ndi chishango kulandira nkhonya zonse, atatu amachilasa, ndipo mmodzi amaima kumbuyo kuonetsetsa kuti onse ali moyo. Wakutsogolo unali iwe. Wakumbuyo munalibe, chifukwa achinyamata onse amafuna kukhala olasa. Ndinapanga munthu wanga wa m'gemu n'kumutcha Choko. Kuchokera tsiku limenelo papita Maloweruka 156. Ine ndalowa 151. Mulenga, amene ndi mtsogoleri wa gulu, walowa 133. Zonse zili m'kope langa la chikuto chobiriwira.

Kulakwa kwanga koyamba kunali umbombo. Wochiritsa ali ndi maluso 32 oti asankhepo, koma mipata yonyamulira ndi isanu yokha. Ine ndinaganiza kuti popeza ntchito yanga ndi kuchiritsa, mipata yonse isanu ndidzaze ndi maluso ochiritsa, akuluakulu okhaokha. Mayina awo a Chingerezi sindinawagwire, ndinawapatsa anga, ndipo nonse munawazolowera. Lalikulu koposa ndi Mvula, lija limadzaza moyo wa aliyense nthawi imodzi. Limakongola, kuwala konse kuja. Koma limadya mphamvu 40 pa 100 zimene uli nazo, ndipo ukaliponya umadikira masekondi 30 kuti libwerenso. Pa nkhondo yathu yoyamba ndinaponya Mvula Dalitso atangokalika pang'ono. Ndinaponyanso maluso ena awiri chifukwa cha mantha. Mphindi imodzi isanathe mphamvu inali itatha, ndipo ndinaima ndi ndodo yanga ngati mlendo pa ukwati wa eni, ndikukuonani mukugwa mmodzimmodzi. Dalitso anaseka mpaka kutsokomola. Ine sindinaseke. Ndinatenga kope n'kulemba luso lililonse, mphamvu imene limadya, masekondi amene limagwira ntchito ndi masekondi amene limapuma. Mpata uliwonse uyankhe vuto lakelake, Nelia. Ukanyamula maluso asanu oyankha funso limodzi, wanyamula luso limodzi. Werenga usanasankhe.

Kulakwa kwanga kwachiwiri kunali kumvera makutu. Mulenga ukumudziwa. Chilombo chikangomuyang'ana amakuwa m'maikolofoni, "Ba Ticha, nafa! Nafa ine! Nithandizeni!" Miyezi iwiri yoyamba ndinkathamangira kwa iye nthawi zonse. Loweruka lina ndinamuchiritsa kasanu ndi kawiri, ndipo nditatembenuka ndinapeza Mutinta ali gone pansi. Anafa osalankhula, chifukwa sanafune kundivutitsa. Nditayang'ana bwino ndinapeza kuti Mulenga amakuwa moyo wake uli pa 70, pamene Mutinta amatsika mpaka 10 ali chete. Ndinachita manyazi, chifukwa kulakwa kumeneku ndinakuchitapo kale m'kalasi. Chaka china ndinathera teremu yonse pa ana atatu aphokoso a kutsogolo, mtsikana wina wofatsa wa pawindo n'kulephera mayeso osandifunsapo funso ngakhale limodzi. Dzina lake ndimalikumbukira mpaka lero. Mizere ya moyo ili kumanzere kwa galasi lako, isanu, ndipo sinama. Yang'ana mizere, osati pakamwa pa munthu. Mulenga akakuwa, werenga mpaka atatu, ona mzere wake, kenaka ona wa Mutinta. Kasanu ndi kanayi pa khumi udzapeza kuti Mulenga angathe kudikira.

Kulakwa kwanga kwachitatu ndi kumene ndikufuna umvetsetse kuposa kwina konse, chifukwa ndikuona kuti iwenso uli pafupi kugweramo. Chaka chachiwiri Mulenga anandibweretsera tsamba la pa intaneti, lolembedwa ndi akatswiri a kunja, lonena maluso amene wochiritsa wabwino ayenera kunyamula. Ndinalemekeza cholembedwa, monga munthu wa sukulu. Ndinatenga Mvula ndi maluso ena ochiritsa pompopompo, aja amafuna kuti udinde batani pa kamphindi koyenera ndendende. Akatswiriwo sanalakwe masamu. Koma iwo akadinda batani, luso limatuluka nthawi yomweyo. Ine ndikadinda kuno ku Bwacha, limatuluka patapita sekondi yathunthu, mwina ziwiri kukakhala mitambo. Ndipo anthu amenewo magetsi awo sazima. Tinali m'phanga la chilombo cha nyanga zitatu, chitatsala pang'ono kugwa, pamene firiji inangoti zii. Kabokosi ka intaneti kanazima, Choko anaima chilili ngati mtengo wa magetsi, ndipo inu anayi munatha m'masekondi asanu ndi anayi. Iwe unali m'chipinda chako, pa foni yako imene sinadalire kabokosiko, ndipo ndinakumva ukumenya khoma.

Sabata imeneyo ndinataya tsamba la akatswiri n'kudzifunsa funso limodzi: ndi maluso ati amene amapitiriza kugwira ntchito mwini wake atachoka? Ndinapeza atatu. Bulangete, limene umafunditsa munthu mmodzi ndipo kwa masekondi 12 nkhonya sizimupweteka. Chitsime, chimene umakumba pansi ndipo aliyense woima pafupi amachira pang'onopang'ono kwa masekondi 20. Mame, amene umawaza pa munthu ndipo amamubwezera moyo kadontho kadontho kwa masekondi 15. Palibe lowala pa atatuwa. Mulenga anati ndi maluso a nkhalamba. Koma kuyambira pamenepo magetsi andizimira pakati pa nkhondo ka 19, ndipo ka 14 ndabwerera n'kukupezani muli moyo. Akatswiri ake a Mulenga abwere adzasewere Loweruka limodzi ku Bwacha, kenaka tidzakambirane.

Udzanena kuti iwe kumene ukupita magetsi sazima, netiweki ndi yothamanga, ungathe kunyamula Mvula monga akatswiri. Ndaona kuti wayika kale pa mpata woyamba. Chotsa. Maluso a wochiritsa sasankhidwa poyang'ana kumene iye wakhala, koma kumene akhala anthu amene akuwasunga. Iwe udzakhala m'chipinda chofunda cha sukulu yako, koma Mutinta adzakhala ku Makululu pa foni ya galasi losweka, Dalitso ku Mulungushi kumene netiweki imabwera ndi mphepo, Mulenga kuseri kwa kauntala ya shopu yake yokonzera mafoni, makasitomala akumusokoneza. Mmodzi wa iwo akaima chilili, sangathawe moto, sangazembe mchira. Ukamuponyera Mvula adzadzaza moyo kamodzi, nkhonya zitatu zotsatira zidzamumaliza, iwe ukudikira masekondi ako 30. Munthu woima chilili amafuna chinthu chokhalitsa. Bulangete limadya mphamvu 20, Chitsime 25, Mame 15. Pamodzi ndi 60. Choncho mphamvu yako isatsike pansi pa 60, zivute zitani, ngakhale Mulenga alire kuti wafa. Lemba 60 pa kapepala umate pa kompyuta.

Kulakwa kwanga kwachinayi ndi kwa munthu wokonda kuwerenga. Mpata wachinayi ndi wa Dzuka, luso loutsa wakufa, limene umaponya kamodzi kokha pa nkhondo yonse. Chifukwa ndi limodzi, ndinkalisunga ngati mbale za alendo. Ukukumbukira tsiku lija iwe unagwa chilombo chili pa theka? Unati, "Amama, niutseni!" Ine ndinawerengera kuti kutsogolo kuli gawo loopsa kwambiri, mwina lidzafunika kumeneko, Dalitso angathe kugwirizira kaye. Dalitso anagwirizira masekondi anayi. Tonse tinagwa, Dzuka ali m'thumba mwanga wosagwiritsidwa ntchito. Unakhala masiku awiri ukundiyankha ndi mawu amodziamodzi. Unali ndi chifukwa. Wakutsogolo akagwa, usawerengenso chilichonse, muutse pomwepo, chifukwa popanda iye palibe gawo lotsatira loti ulisungire. Akagwa wolasa mmodzi, yang'ana kaye ngati otsalawo angamalize. Koma wakutsogolo, pomwepo. Ndikubwereza, Nelia: wakutsogolo, pomwepo.

Mpata wachisanu ndi wako. Ika Thawa, lija limakudumphitsa kutali chilombo chikakutembenukira. Ndinakhala chaka chathunthu ndisanalinyamule, poganiza kuti kutero ndi kudzikonda, mpata woti ukanathandiza wina n'kuusungira ine mwini. Ndinafa ka 23 chaka chimenecho, ndipo nthawi zonse 23 gulu linanditsatira pasanathe theka la mphindi. Iwe wazolowera kuima kutsogolo ndi kulandira nkhonya, ndipo udzafuna kulimba mtima. Kumbuyo kulibe kulimba mtima kotero. Mizere ya moyo ndi isanu, ndipo wachisanu ndi wako. Uziuyang'ananso.

Tsopano za manja anga. Mulenga akunena zoona pang'ono, ndipo sindibisa nambala chifukwa choti sikundikomera. Ndachedwa ndi theka la sekondi poyerekeza ndi chaka chatha. Chala chapakati cha dzanja lamanzere chimauma kukazizira. Koma chilombo cha pachipata, chimene chatigonjetsa kanayi n'kukupangitsani kuyamba misonkhano yanu yamseri, ndinalemba mmene tinagonjera ulendo uliwonse. Kawiri magetsi anazimira Dalitso ndi Mutinta nthawi imodzi. Kamodzi Mulenga anaima m'moto akuyankha kasitomala. Kamodzi ndinachedwa ine. Kamodzi pa kanayi, ndipo wopuma akhale ine? Iyayi.

Ndikuuze chifukwa chenicheni, popeza pa pepala ndi posavuta kusiyana ndi pamaso. Mchimwene wako Yohane amandiimbira kuchokera ku Lusaka Lamlungu lililonse. Ndi mwana wabwino. Amafunsa ngati ndadya, ngati ndamwa mankhwala, ngati mvula yagwa. Mphindi zinayi, zikachuluka zisanu ndi imodzi. Iwenso ukapita udzakhala mwana wabwino wotero. Udzandiuza kuti zonse zili bwino ndi mawu osalala a munthu wolankhula ndi nkhalamba. Koma Loweruka kuyambira 15 koloko mpaka 17 koloko ndimamva mawu ako enieni. Umakuwa, umaseka, umandikalipira, nthawi zina umaiwala kuti ndilipo n'kutukwana, ine n'kumachita ngati zomvera m'makutu zavuta. Ukakhala ndi chokuvuta ndimadziwa mphindi khumi zisanathe, chifukwa umathamangira chilombo osadikira anzako. Maola awiri amenewo ndi amene mwagwirizana kundilanda, mukuwatcha mpumulo. Sindikupatsani.

Amayi a m'bungwe lathu la kutchalitchi ayesapo kale. Mai Zulu anandiuza kuti mkazi wa zaka 67 wokhala ndi zidzukulu sayenera kumamveka akukuwa ndi ana za zilombo, anthu odutsa mumsewu amamva. Ndinawayankha kuti Misa sindijomba, kwaya sindijomba, odwala ndimayendera Lachiwiri lililonse, ndipo Loweruka masana ndi langa. Ngati sindinagonjere Mai Zulu, amene ndimawaopa, sindingagonjere Mulenga, amene ndinamuphunzitsa kugawa manambala ali ndi mamina.

Iwe ukabwerera kumbuyo, malo ako a kutsogolo atsala opanda munthu. Ndikudziwa kuti Mulenga analengeza m'gemu kuti gulu likufuna wachishango watsopano, ndipo ndikudziwa kuti wapezeka. Anakuuzani za iye, dzina lake Njanji, amene salankhula m'maikolofoni koma amangolemba. Anamuyesa Lachiwiri lapitali m'mawa, iwe uli kuntchito, m'mapanga awiri, ndipo sanagwe ndi kamodzi komwe. Mutinta anandiwerengera uthenga umene Mulenga anakutumizirani: "Tapeza mudala wolimba maningi, aima monga chipupa, adziwa chilombo monga anabadwa nacho."

Agogo ako aamuna anachoka ku Chipata ali mnyamata kudzagwira ntchito ya njanji m'tauni muno, zaka 29 akumanga mabawuti padzuwa. Dzinalo ndinalitenga kwa iwo. Njanji ndine, Nelia.

Ndinamupanga tsiku lomwe ndinapeza masamba 36 atasowa. M'mawa uliwonse ndikachoka ku Misa, iwe utapita kuntchito, ndasewera naye maola atatu kuti akule mphamvu, masiku 19. Sindinaname kwa wina aliyense. Mulenga sanandifunse kuti ndine yani, anangofunsa ngati ndimatha kuima. Ndipo ndapeza chimene inu achinyamata simunandiuze: wakutsogolo safuna zala zothamanga ngati wochiritsa. Amafuna kudziwa nkhonya isanabwere. Zilombo zimenezi ndaziyang'ana kuchokera kumbuyo kwako Maloweruka 151. Cha pachipata chimamenya katatu ndi dzanja lamanja, chimapuma masekondi awiri, chimakwapula ndi mchira, ndipo ulendo wachitatu uliwonse chimalavula moto kumanzere. Iwe unkachizemba ndi liwiro. Ine ndimachizemba ndi kope. Mulenga adzadziwa Loweruka ndikadzatsegula maikolofoni n'kumupatsa moni. Usamuuze. Mphatso imeneyo ndadzisungira ndekha. Akadzafuna kundichotsa, adzayambe wafotokozera gulu chifukwa chimene chipupa chake cha Lachiwiri chasandukira nkhalamba Loweruka.

Tsopano ukuona chifukwa chake ndakulembera zonsezi. Munthu amene udzamusunge kutsogolo ndi mayi ako, ndipo mayi ako amakhala ku Bwacha. Magetsi adzazima. Mwina osati Loweruka loyamba, koma adzazima. Kompyuta ili ndi batire, koma kabokosi ka intaneti kalibe. Ndiyenera kutenga foni, kuitsegula, kuilumikiza ku kompyuta, ndi kudikira kuti gemu indilowetsenso. Ndayeserera ndi wotchi ya kukhitchini. Poyamba zinkanditengera masekondi 80. Tsopano ndi 45, ndipo pamenepo ndalephera kutsitsanso. Masekondi 45 amenewo Njanji adzaima chilili pamaso pa chilombo, osakweza chishango, osazemba.

Ukadzaona ndasiya kuyenda, usandiitane, sindidzakumva. Usayang'ane Mulenga. Ponya Bulangete pomwepo, ndipo werenga mpaka 12. Likamatha, kumba Chitsime pa mapazi anga enieni, osati pakati pa gulu, ndipo werenga mpaka 20. Chikamauma, waza Mame, 15. Usaponye onse nthawi imodzi chifukwa cha mantha, monga ndinachitira ine tsiku loyamba, chifukwa adzathera limodzi. Limodzi likatha, linzake. 12 kuphatikiza 20 kuphatikiza 15 ndi 47. Ine ndikufuna 45. Ndakusiyira masekondi awiri, ndipo kwa mwana amene ndinamuphunzitsa ndekha kuwerenga ndi nyemba pa tebulo lino, ndi okwanira. Ukalephera, Dzuka ali pa mpata wachinayi, ndipo ukudziwa lamulo la wakutsogolo. Sindidzakuyankha ndi mawu amodziamodzi masiku awiri. Tidzalowanso Loweruka linalo.

Kope lobiriwira ndaliyika pansi pa kalata iyi. Masamba 40 oyamba ndi a maluso, ndipo zimene ndalemba ndi inki yofiira ndi zimene akatswiri analakwitsa. Ine ndagula lina. Kumene ukupita nthawi ili m'mbuyo ndi maola awiri, choncho 15 koloko yathu ndi 13 koloko yako. Udye usanalowe. Mvula uchotse lero lomwe ukuwerenga izi. Mphamvu isatsike pansi pa 60.

Ndamva geti likulira. Ndi 17 koloko ndi mphindi zinayi, ndipo nyemba zapsa kalekale. Mawa pa siteshoni ya basi sindidzalira, ndipo iwenso usadzalire, chifukwa kutsanzikana kwathu ndi kwa masiku asanu ndi atatu okha. Zaka zitatu ndaima kumbuyo kwako ndikuyang'ana mzere wa moyo wako. Tsopano yang'ana wanga. Ukadzandiona ndaima chilili, usaganize kuti ndapita. Werenga, mwana wanga. Ndikubwera.

Ndine mayi ako,
Agnesi Tembo